Tisasandutse mapiri athu dzala

Anthu ambiri a kwathu kuno, a ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Zobwe, mzinda wa Tete amaudziwa ndi zinthu zitatu: kutentha, mlatho ndi mapepala a boma. Munthu amatsikira kumeneko kukasaka chitupa, kukazonda m'bale wake kuchipatala chachikulu, kapena kukagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa msika wa Kwachena, ndipo ntchito ikangotha amathamangira chapa yobwerera kumtunda thukuta lili kamukamu. Ndi ochepa amene amatukula maso n'kuona kuti kuseri kwa mzindawu kuli phiri.

Phirilo ndi Caloera, ena amalemba Caroeira. Si lalitali ngati Domwe wathu, ndipo munthu wa ku Angonia akhoza kuliseka kuti ndi chulu chabe, koma m'chigwa chotentha ngati cha Zambezi phiri lililonse ndi mfumu. Mukafuna kuliona bwino, chokani pakati pa tauni pomwe pali nyumba zakale za Apwitikizi, muoloke dambo la Nhartanda, mulowe m'bairo la Mateus Sansão Muthemba. Mwini dzinali sadali wa ku Tete kuno ayi. Adali wa kumwera, m'modzi mwa akuluakulu a Frelimo pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, ndipo adamwalira m'chaka cha 1968 ku Dar es Salaam atavulazidwa pomwe gulu la anthu lidaukira ofesi ya chipanicho. Mabairo ena a mumzindawu nawonso adatenga mayina a anthu a nkhondo yomweyo, monga Josina Machel, Filipe Samuel Magaia ndi Francisco Manyanga. Koma pakamwa pa anthu dzina lalitali silikhalitsa, onse amangoti "ku Muthemba".

Ku Muthemba ndi kwa anthu wamba. Nyumba za njerwa ndi za mabuloko zathithikana, timisewu ta fumbi tikukhotakhota pakati pa miyala, amayi akugulitsa makala, tomato ndi nsomba zouma pakhomo, anyamata a njinga zamoto akudikira okwera pansi pa mtengo uliwonse umene uli ndi kamthunzi. Chilankhulo chake ndi Chinyungwe, koma Mchewa kapena Mngoni sasowa chonena, pakuti mawu ambiri timamvana. Madzi ndi madzi, mbuzi ndi mbuzi, phiri ndi phiri.

Ine ndidakwera Caloera m'mwezi wa Ogasiti, nthawi yomwe dzuwa la ku Tete limakhala lisadayambe ukali wake weniweni. Ukali umenewo umadza mu Okutobala ndi Novembala pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo wokwera phiri masana m'miyezi imeneyo ndiye kuti moyo wake watopa nawo. Njira ndi ya miyala yokhayokha, mitengo ndi ya minga, apa ndi apo mlambe waima ngati nkhalamba yoyembekeza alendo. Ukafika pamwamba n'kucheuka, mtima umakhala pansi. Zambezi yense ali pansi pako, mlatho wa Samora Machel wopachikidwa pa zingwe za chitsulo, womwe udatsegulidwa m'chaka cha 1973, ukuoneka ngati ulusi woyalidwa pamadzi. Tsidya lija kuli Matundo ndi Chingodzi komwe kumatera ndege, chakumunsi mtsinje wa Revubwe ukuthira mu Zambezi, ndipo kutali uko ndi ku Moatize kwa malasha. Malole akuluakulu opita ku Malawi ndi ku Zambia masiku ano ali ndi mlatho wawo wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014. Apwitikizi adakhazikika pa dooko limeneli m'zaka za m'ma 1530, David Livingstone adafika pano mu Malichi 1856 atayenda wapansi kuchokera kumadzulo, ndipo onsewo phiri limeneli adalipeza lili pomwepo.

Tsono tsitsani maso muone pomwe mwapondapo. Apa pali jumbo yakuda yakodwa pa minga, apo pali botolo la pulasitiki la zoziziritsa kukhosi laphwatalala, uko kuli magalasi a botolo la mowa lomwe wina adaliphwanya pa thanthwe pofuna kusangalatsa anzake. Timapepala ta masuwiti ndi ta mabisiketi, zitini za nsomba, mabatire a tochi, zotsalira za kandulo, ngakhale matewera a ana a masiku anowa ogwiritsa kamodzi n'kutaya. M'munsi mwa phiri, pafupi ndi nyumba, zinyalala zina zimabwera ndi mphepo, izo tivomereze. Koma mphepo siyinyamula chitini kapena botolo la galasi kukalisiya pansonga. Limenelo lidakwera m'manja mwa munthu, lili lodzaza ndi lolemera, ndipo munthu yemweyo adalephera kutsika nalo litapepuka.

Nanga amakwera mapiri ndani kwathu kuno? Tikamva zoti okwera mapiri timaganiza za azungu a nsapato zazikulu ndi zikwama kumsana. Iwo ndi ochepa. Okwera mapiri enieni ndi ife tomwe: amayi otola nkhuni, abusa a mbuzi, osaka mbewa ndi mbira, otcha makala, ofuna mankhwala a zitsamba, ana a sukulu omwe aphunzitsi amawatenga pa tchuthi, achinyamata okajambulitsa zithunzi pa foni kuti akaike pa Facebook, ndiponso magulu a mapemphero amene amachezera kuphiri usiku wonse. Agogo athu nawonso ankakwera, koma kamba wawo ankamanga m'masamba a nthochi, madzi ankatengera m'nsupa, ndipo zomwe ankasiya m'mbuyo zinali zitsononkho, makoko a nzimbe ndi phulusa. Zimenezo chiswe chinkamaliza mvula isadagwe. Chizolowezi choponya pansi chilichonse chimene watha nacho tidatengera kwa iwo, ndipo pa nthawi yawo sichidali cholakwika. Chasintha ndi katundu amene tikuponyayo. Pulasitiki chiswe sichidya, nthaka siyimeza. Dzuwa limangoifumbutsa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timalowa m'dothi ndi m'madzi koma osatha.

Oyamba kulipira mlanduwu ndi mbuzi. Chigawo cha Tete chimatchuka m'dziko lonse la Mozambique ndi nyama ya mbuzi, yoti ngakhale ku Maputo amaiitanitsa, ndipo dzina loti Cabrito de Tete ndilo lidakhala loyamba m'dziko muno kulembedwa m'kaundula ngati katundu wodziwika ndi dera lomwe amachokera. Kukoma kwake akuti kumachokera ku masau ndi malambe omwe mbuzizi zimadya m'tchire. Koma m'chilimwe msipu ukatha mbuzi siyisankha. Jumbo yomwe mudali chiwaya kapena mandasi imanunkhira mchere ndi mafuta, mbuzi imameza, mawa imezanso ina. Majumbowo sagayika, amapotana m'chifu n'kukhala chimpira cholimba. Mbuzi imayamba kuonda koma mimba ili tuu, imasiya kubzikula, kenaka imafa, mwini wake n'kumaloza anansi chala. Funsani aliyense amene amapha mbuzi kapena ng'ombe pa msika akuuzeni zomwe amapeza akang'amba chifu. Kwa munthu wa kumudzi mbuzi ndiyo banki, ndiyo feteleza wa chaka chino, ndiyo yunifolomu ya mwana, ndiyo chipepeso pa mlandu. Wotaya jumbo kuphiri amaba m'khola la mnzake osadziwa.

Achiwiri ndi madzi. Dambo la Nhartanda lomwe tidaoloka lija si dambo wamba. M'menemo ndimo mudakumbidwa zitsime zakuya zimene zimapopa madzi opita m'mipope ya mbali ina ya mzinda wa Tete, ndipo amayi ambiri amalimamo ndiwo zamasamba. Mvula ya ku Tete siyigwa kawirikawiri, koma ikagwa imagwa mwaukali, ndipo pa nthaka ya miyala madzi salowa pansi, amathamanga. Chilichonse chimene chili kumtunda, kuyambira jumbo, batire yothetheka, mpaka chimbudzi cha munthu amene adadzithandiza paseri pa mwala, chimakokoloka kulowera kumunsi. Zina zimatseka ngalande madzi n'kulowa m'nyumba za anthu, zina zimakathera m'dambo. Sitidaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene idapha anthu oposa 1,700 ku Malawi ndipo idafikanso m'chigawo chathu chino. Matenda amenewa safuna pasipoti pa Zobwe kapena pa Kalomwe.

Wina anena kuti izo ndi za anthu a m'tauni. Tiyeni tikwere chapa tibwerere kumtunda. Kuchoka ku Tete kufika pa Zobwe ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo msewu wonsewo ndi wokwera. Milambe imachepa, mphepo imayamba kuzizira, mapiri a miyala ikuluikulu a m'malire amayamba kuonekera. Ukakhotera kumpoto kulowera ku Ulongwe, minda ya chimanga, mbatata ndi nyemba imayamba, ndipo patsogolo pako pamaima Domwe, wa mamita pafupifupi 2,095, phiri lalitali kuposa onse m'chigawo cha Tete. Tsidya la malire kuli mnzake, phiri la Dedza, la mamita 2,198. Akuluakulu adati mapiri okha ndiwo sakumana, koma madzi otsika m'mapiriwo amakumana. Timitsinje ta kumtunda kwa Angonia ndito timapanga Revubwe yemwe tidamuona kuchokera pa Caloera uja. Mu Januwale 2022, pa namondwe wa Ana, Revubwe adadzaza mpaka kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, anthu adafa, nyumba zambiri za ku Chingodzi zidamira. Madzi amenewo adachokera kwathu kuno. Sindikunena kuti majumbo ndiwo adagwetsa mlatho, ayi, imeneyo idali mvula yoopsa yogwera pa mapiri omwe ambiri adametedwa kale mpala. Ndikunena kuti chomwe chili pa Domwe lero, mawa chili pa Chingodzi, ndipo chisadafike kumeneko chimayamba chadutsa pa chitsime cha mudzi wanu.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Pamwamba pa phiri lalitali zinthu siziola msanga ngati kumudzi. Kuzizira kumachedwetsa tizilombo toolesa zinthu, ndipo dothi lake ndi losaya, pansi pake pali thanthwe. Khoko la nthochi kapena la lalanje lomwe kudimba likadatha m'masabata ochepa, kumeneko limakhala miyezi. Nanji chimbudzi cha munthu. Ndipo akasupe amene midzi ya m'tsinde imamwa amatumphuka komweko. Gulu la anthu makumi asanu likachezera pa phiri masiku atatu popanda chimbudzi, wina aliyense akhoza kuwerengera yekha chimene chimatsalira.

Apa ndiyankhulepo ndi abale athu a mapemphero, mwaulemu, pakuti ambiri ndi amayi athu ndi azibambo athu. Kupemphera kuphiri palibe akuletsa. Koma n'zomvetsa chisoni kuti malo amene anthu amawatcha opatulika ndi omwe kawirikawiri umapezapo mabotolo, makandulo osungunuka, majumbo ndi mapepala. M'tchalitchi timasesa Loweruka lililonse, timakolopa, timaika maluwa. Bwanji phiri lomwe tasankha kuti likhale tchalitchi chathu cha usiku umodzi timalisiya ngati pa msika tsiku la Lachisanu madzulo? Abusa ndi akulu a mpingo atati anene mawu amodzi okha asadatsike, kuti aliyense atole zake ndi za mnzake, nkhaniyi ikadatha theka.

Makolo athu phiri ankaliopa. Achewa amati anthu oyamba ndi nyama adatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ku Msinja, kufupi ndi komweko, kudali kachisi wa mvula wa Makewana. M'nkhalango za nsembe munthu sankadula mtengo, sankaloza chala, sankadzithandiza paliponse. Kaya munthu amakhulupirira za mizimu kaya sakhulupirira, malamulo amenewo ankasunga akasupe. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa miyala, zina za Akafula, zina za chinamwali ndi za gule, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'ndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zithunzi zotere ziliponso m'mapanga a mbali yathu ino. Mwana wa sukulu akatenga khala kapena penti n'kulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake pamwamba pa chithunzi chimene chakhala zaka mazanamazana, nayenso wataya chinyalala, ndipo chimenecho n'chovuta kutola kuposa botolo.

Anzathu a ku Mulanje adayamba kale kulimbana ndi nkhaniyi chifukwa kwawo alendo ndi ambiri. Nsonga ya Sapitwa ndi ya mamita 3,002. Phirilo lidakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu Julayi 2025 UNESCO idaliikanso m'ndandanda uja. Pamwamba pake pali nyumba zogonamo okwera, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, iliyonse ndi mlonda wake ndi chimbudzi chake. Anyamata a m'midzi yozungulira Likhubula amapeza ndalama polondolera alendo njira ndi kuwanyamulira katundu, ndipo chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wothamanga wokwera ndi kutsika phirilo. Mabungwe monga Mountain Club of Malawi ndi Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akuphunzitsa kuti chomwe wakwera nacho utsike nacho. Anyamata olondolera njirawo nkhaniyi amaimva msanga kuposa wina aliyense, chifukwa mlendo akapeza uve sabweranso ndipo sauza mnzake, ndiye kuti pakhomo pawo pagona njala. Kumbukiraninso kuti mtsinje wa Ruo, umene ndi malire a Malawi ndi Mozambique cha ku Milange, umachokera pa phiri lomwelo, umathira mu Shire, Shire n'kuthira mu Zambezi.

Kunja kwa Africa nkhaniyi idafika pochititsa manyazi. Phiri lalitali kuposa onse pa dziko lapansi ndi Everest, la mamita 8,849, m'malire a Nepal ndi China. Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay adafika pansonga pake pa 29 Meyi 1953, ndipo kuyambira pamenepo anthu zikwizikwi akhala akupita kumeneko, ambiri a iwo olemera kwambiri. Adasiya matenti ong'ambika, zingwe, zitini, mabotolo a mpweya ndi zonyansa zomwe m'chisanu choopsa cha kumeneko siziola konse. Mu 2014 boma la Nepal lidalamula kuti wokwera aliyense atsike ndi zinyalala zolemera makilogalamu 8. Mu 2019 gulu lokasesa lidatsitsa matani oposa 10 pamodzi ndi mitembo inayi. Mu 2024 akuluakulu a deralo adafika polamula kuti munthu azidzithandizira m'thumba lapadera n'kutsika nalo. Taganizani, munthu wa ndalama zake kunyamula chimbudzi chake m'chikwama! Uve sudziwa kuti uyu adaphunzira kapena ayi. Ndipo amene amakatola zonsezo poika moyo wawo pachiswe ndi Asherpa, eni dera, omwe madzi awo akumwa amachokera pa phiri lomwelo.

Malamulo alipo. Boma la Mozambique lidaletsa majumbo opyapyala kwambiri m'chaka cha 2015, pamodzi ndi kupereka majumbo ulele m'masitolo. Ku Malawi lamulo lotere lidatulukanso mu 2015, koma eni mafakitale adalikokera kukhoti zaka zambiri. Ku Tanzania, kwa phiri la Kilimanjaro, adaletseratu majumbo kuyambira pa 1 Juni 2019. Koma pitani pa msika uliwonse wa m'malire, pa Zobwe, pa Biriwiri, pa Lizulu, muone ngati jumbo yasowa. Lamulo lolembedwa ku Maputo kapena ku Lilongwe silikwera phiri. Wapolisi sangaime pa thanthwe lililonse. Amene angathe ndi mfumu ya m'tsinde mwa phiri, nyakwawa, mphunzitsi wamkulu ndi m'busa, chifukwa iwo amadziwa amene wakwera ndi tsiku lomwe wakwera. Kale mlendo sankalowa m'nkhalango osayamba waonekera kwa mfumu. Mwambo umenewo ukadabwerera, mfumu ikadangofunsa funso limodzi pobwerera: thumba lanu la zinyalala lili kuti?

Vuto lenileni ndi ili: watsika nazo, uzitaya kuti? Kumudzi kulibe galimoto ya khonsolo, ndipo ngakhale ku Muthemba komwe si nyumba iliyonse imene imafikiridwa. Ena amati tingotentha komweko kuphiri. Kumeneko ndiko kulakwa kwakukulu. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni m'chifuwa, ndipo m'chilimwe kamoto kakang'ono kapena kanyenyeswa ka fodya kamasanduka lupsa lotentha phiri lonse, mitengo ing'onoing'ono, udzu wofolerera ndi ming'oma ya njuchi. Kukwirira pamwamba nakonso sikuthandiza, dothi ndi losaya, anyani ndi nkhandwe amafukula, mvula imamaliza. Ndiye nzeru yoyamba ndi yosakwera nazo n'komwe. Madzi tengerani m'chigubu chomwe mudzabwerere nacho, kamba ikani m'kambale kovundikira kapena m'masamba, mabisiketi avuleni mapepala muli kunyumba. Zomwe zatsala ziikeni m'thumba la feteleza lopanda kanthu, thumba limodzi limakwanira gulu lonse. Pofika kumudzi, mabotolo abwino amapeza ntchito kwa ogulitsa thobwa, mafuta ophikira ndi palafini, zitini ndi zitsulo amagula anyamata ogula zitsulo zakutha aja, ndipo zotsalazo zipite m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime, komwe mbuzi ndi ana safikako. Mabatire ndi magalasi osawataya m'munda.

Za kudzithandiza, tisachite manyazi kuzinena. Pitani kutali ndi kasupe kapena mtsinje mapazi osachepera makumi asanu ndi awiri, kumbani kadzenje kakuya ngati chikhatho chotambasula, mukatha kwirirani n'kuikapo mwala. Gulu lokagona kuphiri litenge khasu ndipo likumbe chimbudzi chimodzi lisadayambe china chilichonse, ngakhale nyimbo yoyamba.

Amene mudzapite ku Tete m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mapepala anu akachedwa kutuluka monga amachitira, musadzathere tsiku lonse pa khonde la ofesi. Fikani ku Muthemba, mupereke moni, mufunse akuluakulu a bairo kuti akupatseni mnyamata wodziwa njira, pakuti phiri la eni salowa ngati m'munda mwako. Nyamukani kusadache kuti dzuwa likamatuluka mukhale muli pamwamba, ndipo pofika 9 koloko mukhale mutayamba kutsika. Valani nsapato zotseka chifukwa cha minga, magalasi ndi zinkhanira, musapise dzanja m'mphako za miyala, ndipo madzi mutenge ochuluka kuposa amene mungatenge pokwera Domwe. Masau ouma amagulitsa m'misika ya mumzindawu, mugule odzaza thumba la malaya, amathandiza kukhosi pokwera.